Wojambula Wopanda Chithunzi

MUTU 6

1. Mnyamata wa makutu aakulu

Mukalowa m'nyumba iliyonse ya ku Kafue Estates, ponyani maso pakhoma. Mupezapo chithunzi cha ukwati, kapena cha khanda lovala kasuti, kapena cha kwaya itaima pamasitepe a tchalitchi. Mukafunsa amene anajambula, akuyankhani dzina limodzi: ba Shadreck.

Ankafika pa njinga yawo yakuda, kamera ili pakhosi, chipewa chofiirira chili kumutu, n'kuyamba kulamula anthu ngati mwambowo ndi wawo. "Batali kumbuyo! Amake mwana, sekaniko, simuli ku polisi kuno!" Anthu ankafa nazo nseko, ndipo pomwepo iwo ankadina kamera. N'chifukwa chake pa zithunzi za ba Shadreck simupeza munthu wokwinya nkhope.

Koma taonani zodabwitsa. Munthu amene anajambula tauni yonse analibe chithunzi chakechake, poti nthawi zonse anali kumbuyo kwa kamera. Atamwalira, foni yawo inasowa m'chipwirikiti cha maliro. Pa pepala la mwambo wa maliro anthu anangoikapo chithunzi cha pa reji, chitupa chawo cha boma, chimene anajambulidwa ali mnyamata wa sukulu, wowonda khosi, wa makutu aakulu.

Mwana wawo woyamba, Yande, anali mu Giredi 7 nthawi imeneyo. Tsopano anali mu Giredi 12, mtsikana wamtali, wofulumira pa chilichonse, kuyenda ndi kulankhula komwe. Mlongo wake Elisha anasiyidwa akukwawa, ndipo chaka chino n'chimene anayamba Giredi 1.

Vuto linabwera ndi homuweki. Aphunzitsi anauza ana kuti aliyense ajambule banja la kwawo. Elisha anajambula amayi ake ndi chitenje chawo, anajambula Yande ndi miyendo yaitali ngati ya kakowa, kenako anajambula munthu wachitatu wamkulu kuposa onse. Pamutu pa munthuyo analemba kamzere kozungulira, m'kati mwake osaikamo kanthu.

"Nanga maso?" anafunsa Yande.

"Siniyadziwa," anayankha Elisha.

Yande anakatenga pepala la maliro lija m'Baibulo la amayi n'kumuonetsa. Elisha analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analikankha.

"Uyu si atate. Uyu ni mnyamata chabe. Atate ba banzanga bali na ndevu."

Mawu amenewa anamulasa Yande mumtima, chifukwa iye ankadziwa kuti chithunzi chenicheni chilipo. Anachijambula iye mwini. Inali Khirisimasi yomaliza, bambo ake atawatenga kukaona madzi pa mlatho wa Kafue, pamene amayi ogulitsa nsomba amathamangira mabasi. Tsiku limenelo ba Shadreck anavula kamera n'kuipachika pakhosi pa mwana wawo. Anaima pafupi ndi zitsulo za mlatho, anakonza chipewa, nati, "Dina, mayi. Lelo ine nine kasitomala." Madzulo ake anasunga chithunzicho mu kompyuta yawo, mu foda imene anaitcha KWATHU.

Kompyutayo sinali pakhomo. Abale atakhala pansi kugawa katundu wa malemu monga mwa mwambo, inagwera atate aakulu, ba Enock, a ku Shimabala. Kufamu kwawo kulibe magetsi, choncho inakhala zaka zonsezi m'chipinda chosungira chimanga. Mwezi uno zokolola zinachuluka, malo anachepa, ndipo ba Enock anaikweza pa galimoto ya tomato n'kuibweza. Inafika ndi fumbi la gaga, ndi nthenga za nkhuku imene inkaikira pamwamba pake.

2. Mbama ya injiniya

Loweruka m'mawa amayi atapita kumsika, Yande anaitana Bright, mnzake wa m'kalasi. Bright amathandiza mkulu wake kuika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu, ndipo chifukwa cha zimenezo amadzitcha injiniya. Anafika ndi sikuludiraiva m'thumba la kumbuyo kuti aliyense aione.

Anaika kompyuta pakhonde, analumikiza nthambo, anadina batani. Chopemerera mphepo cha m'kati chinalavula fumbi. Kenako kunamveka kaphokoso kochokera pansi: ka, ka, ka. Pasikirini panalibe kanthu.

"Yagona maningi," anatero Bright. "Tiyeni tiiutse."

Anazimitsa, anayatsa. Ka, ka, ka. Anazimitsanso, anayatsanso. Yande nayenso anadina batani lija mobwerezabwereza, mtima uli m'mwamba, akuganiza kuti ulendo wotsatira ndi umene zitheke. Pamapeto pake Bright anakwinya malaya n'kuipatsa kompyuta mbama yamphamvu m'nthiti.

Musamuweruze msanga Bright. Ku Estates tonse tinakula tikuona wailesi ikumenyedwa kuti ilankhule, ndipo ba Shadreck eniakewo ankamenya wailesi yakanema mpira ukafika pokoma. Kungoti ulendo uno kaphokoso kaja kanasintha. Kanayamba kukhala ndi kamluzu kumapeto kwake.

"Yayamba kumvela," anatero Bright monyada. "Manje tichotse hadi disiki, tiike mu filiji, izizile. Ikakana tizaitsegula, tipepelele fumbi."

"Imwe bana! Siyani ivo!"

Anali amake Davies, a nyumba yoyandikana nayo, atasuzumira pamwamba pa mpanda wa maluwa. Mayi amenewa amagulitsa nsomba zouma pamsika. Kale ankapita okha ku Chanyanya kukapikula kwa asodzi, koma analeka. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Davies, anali msodzi kumeneko, ndipo mvuu inagubuduza bwato lake patangotsala pang'ono kuti akwatire. Kuyambira pamenepo amake Davies amangodikira anyamata a njinga kuti awabweretsere nsomba m'tauni.

Ntchito yomaliza ya ba Shadreck inali ya m'nyumba imeneyi. Anajambula vidiyo ya chilanga mulilo cha Davies, tsiku limene akwawo kwa mkazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kubwera nazo kwa mkamwini ndi ng'oma ndi nyimbo. Asanaikonze vidiyoyo, anadwala. Ali gone m'chipatala anatuma Yande kuti, "Ukauze amake Davies basadandaule, nizamaliza nikatuluka." Yande anakanena mawuwo pakhomo pawo. Ba Shadreck sanatuluke, ndipo Davies anawatsatira mvula ya chaka chomwecho.

Amake Davies sanafunsepo za vidiyoyo ngakhale kamodzi. Koma m'mawa umenewo anazungulira mpanda, anakoka wilibala yawo ya nsomba, anayalamo chitenje chatsopano.

"Ikani umu bwinobwino. Tiyende kuli ba Gordon."

3. Chenjezo la ba Gordon

Kashopu ka ba Gordon kali kuseri kwa msika, pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa zakudya za nkhuku. Iwo anali amagetsi ku fakitale ya nsalu masiku amene fakitaleyo inkalira usana ndi usiku, pamene belu la shifiti likalira msewu wonse wa ku Estates unkadzaza njinga. Fakitale itatseka anayamba kukonza mawailesi, kenako makompyuta. Ndi wokalamba wa imvi, wosafulumira, ndipo magalasi awo amamangidwa ndi waya mbali imodzi.

Ananunkhiza kompyutayo, imene inali itatenga fungo la nsomba za m'wilibala. "Iyi yachokela ku Shimabala kapena ku mumana, kwa basodzi?" Onse anaseka, kupatula Yande.

Anamasula chivundikiro, anatulutsa kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja. Anakalumikiza ku makina awo, anaika khutu pafupi. Kaphokoso kaja katangomveka, anazula nthambo msangamsanga.

"Mwaiyatsa kangati?"

Yande anayang'ana pansi. "Kambili."

"Pali wamene anaimenya?"

Bright anabisa sikuludiraiva yake kumbuyo. Ba Gordon anavula magalasi, anakoka mpando, nawauza ana awiriwo kuti akhale pa benchi.

"Mvela bwino, mwana wanga, naiwe injiniya umvele. Ichi chinthu si wailesi. Mukati mwa aka kabokosi muli mbale yosalala kuchila galasi, imazungulila na liwilo lalikulu. Pamwamba pake pamayenda kadzanja kang'ono kamene kamawelenga. Sikagunda mbale iyayi, kamayandama chabe, pafupi kwambili, ngakhale tsitsi silingapite pakati. Manje iwe ukamenya mbama, kadzanja kaja kamagwela pa mbale, kamapala. Pamene kapala, vinthu va munthu vayenda. Kulibe pemphelo, kulibe pulogilamu yamene ingavibweze.

"Filiji imaleta mame mukati. Kutsegula kumalowetsa fumbi, ndipo kafumbi kamodzi pa mbale ija ni mwala pa njanji. Ku Lusaka kuli banthu bamene bamatsegula, koma bamatsegulila mu chipinda chilibe fumbi olo pang'ono, bavala monga ba dokotala. Osati pakhonde, nkhuku zili kupalasa pambali.

"Kulila kwake uku, ikamba kuti nadwala. Munthu wodwala sumuuza kuti nyamuka, thamanga, nione ngati uli bwino. Nthawi iliyonse yamene munadina batani lija, munaithamangitsa. Ise ku fakitale banatiphunzitsa chinthu chimodzi tsiku loyamba: makina yakasintha mau, zimitsa, chotsa manja, itana wamkulu. Panalibe manyazi pa ivo. Manyazi yanali pa uja wofuna kuoneka wodziwa, wamene anali kuononga nsalu ya shifiti yonse. Imwe bana ba manje muli na nzelu kutichila, nivomela. Koma simudziwa kuleka chinthu chikhale. Vala vanu vimayabwa."

Anapukuta magalasi.

"Na atate ako ninali kubauza. Shadreck, ukwati wa banthu, malilo ya banthu, sunga pabili. Gula disiki ina, ukope. Benze kuseka chabe, ati ba Gordon, mwezi ukatha. Mwezi unatha, unatha futi. Anali munthu wabwino, koma apa analakwa. Iwe usakachite chimodzimodzi."

Misozi inalengeza m'maso mwa Yande. "Manje yafa?"

"Ikalibe. Koma mphamvu yatsala ni ing'ono. Tizaiyatsa kamodzi, osalembapo kanthu, tikope chabe kupeleka ku disiki yanga. Ukambe chamene ufuna."

Yande anawafotokozera za Elisha, za mutu wopanda maso, ndi za chithunzi cha pa mlatho.

4. Njira ziwiri

Ba Gordon anaika kabokosi kaja pa nsalu yofewa. Anapatsa Bright chikatoni kuti azikapemerera kasatenthe, ndipo injiniya wathu anagwira ntchitoyo mosatsutsa. Amake Davies anakhala pakhomo pa shopu, manja ali pamiyendo.

Disiki inalira kawiri, kenako inayamba kuzungulira bwino. Pasikirini panatuluka mayina a mafoda, olembedwa ndi zilembo zazikulu monga ankakondera ba Shadreck: MAUKWATI, MALILO, MASUKULU, KWATHU. Pansi penipeni panali ina: DAVIES CHILANGA. Yande anagwira pakamwa. Zinali ngati bambo ake angotuluka kumene m'chipindamo.

Ba Gordon anayesa KWATHU. Foda inatseguka pang'onopang'ono, ndipo inaonetsa kafoda kena kolembedwa KHISIMASI. Pomwepo kaphokoso kanayambiranso, kamluzu kali kumapeto. Anabwerera msanga. Anayesa ya Davies, ndipo disiki inakhala phee.

"Naona manje," anatero. "Foda ya kwanu ili pamalo pamene mbale inapalika. Ya Davies ili pabwino. Njila ni zibili. Tikayamba na chithunzi cha atate ako, kadzanja kakali na mphamvu, mwina kazawelenga. Koma mwina kazafela pamene apo, vonse viyende, na vidiyo kumo. Tikayamba na vidiyo, izatuluka, nilibe chikaiko. Koma ni yaitali. Pofika kumapeto disiki izakhala yalema, ndipo mwina ku KWATHU sitizafikako."

"Imwe mungachite bwanji?" anafunsa Yande.

"Ine mwa nchito yanga nimayamba na chamene chili bwino. Koma atate ni bako, si banga. Sankha iwe, ndipo usachedwe. Iyi izungulila."

Amake Davies anaimirira pakhomo paja. "Yande, tenga va atate ako. Wanga nimamuona nikatseka maso. Elisha alibe olo nkhope yoona akatseka maso."

Ananena zimenezi molimba mtima, koma sanayang'ane Yande. Maso awo anali pasikirini, pa dzina la mwana wawo, ndipo milomo yawo inkaliwerenga mwakachetechete. Yande anaona zimenezo. Anaonanso chitenje chatsopano chija chili m'wilibala, chodetsedwa ndi gaga.

Bright ananong'ona. "Iwe, chithunzi ni kang'ono. Tenga chako, ni kompyuta ya kwanu."

Yande anayang'ana ba Gordon. Mawu ake anatuluka aang'ono.

"Atate banakamba kuti bazamaliza. Nine ninapeleka mau. Yambani na ya ba Davies."

"Washuwa?" anafunsa ba Gordon.

"Yambani, nisanasinthe."

5. Chipewa

Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pasikirini. Kankayenda pang'onopang'ono moti munthu ukakayang'anitsitsa unkaona ngati kaima. Dzuwa linafika pamutu. Magetsi anathima msika wonse, makina a ometa tsitsi analeka kulira, koma batire la ba Gordon linagwira. Bright anasintha dzanja, anasinthanso, thukuta lili kamukamu, osadandaula.

Podikira, ba Gordon ndi amake Davies anayamba kukumbutsana zakale. Anakamba za masiku amene sitima ya anthu ikaima pa siteshoni ana ankathamanga ndi mabeseni a nzimbe. Anakamba za madansi a kumapeto kwa mwezi ku holo, ndi za nsalu zotsala za ku fakitale zimene ana a ku Estates onse ankasokeredwa, moti Lamlungu m'tchalitchi munkaoneka ngati mwalowa banja limodzi. Anakumbukanso tsiku limene ba Shadreck anagula kamera yoyamba, n'kuyenda nayo msika wonse akujambula anthu ulere, osadziwa kuti sanaikemo filimu. Amake Davies anaseka mpaka kupukuta misozi. Yande anali asanamvepo nkhani imeneyo, ndipo anaisunga.

Kamzere kanafika kumapeto.

"Yatuluka yonse," anatero ba Gordon. "Manje gwila mtima."

Analowa mu KWATHU, analowa mu KHISIMASI. Disiki inalira. Yande analoza chithunzi chomaliza pamndandanda, chifukwa ankakumbuka kuti atangojambula iye, batire la kamera linatha. Ba Gordon anachikoka. Ka, ka, ka. Kamluzu kanakula. Kenako kunamveka kukwecha, ngati supuni ikupala mphika, ndipo m'shopumo munangoti zii. Kabokosi kaja kanaleka kunjenjemera.

Fayilo imodzi inali itawoloka. Ba Gordon anaitsegula.

Chithunzi chinayamba kutsika kuchokera pamwamba. Panaoneka thambo loyera, nsonga za mapiri a tsidya lina, zitsulo za mlatho. Panaoneka chipewa chofiirira, chopendekeka pang'ono kumanzere. Pansi pa mlomo wa chipewacho panali potuwa pokhapokha mpaka kumapeto.

Yande anadikira kuti mwina chitsikabe. Sichinatsike. Analira mokweza ngati mwana wamng'ono, osasamala za anthu odutsa pakhomo. Kunali kuwawa kwa maliro achiwiri. Amake Davies anamukumbatira, fungo la nsomba ndi sopo lili pachifuwa pawo, nawonso akulira.

"Tikanayamba na ichi, chikanatuluka chonse?" anafunsa Yande atatonthola.

"Mwina," anayankha ba Gordon. "Mwina iyayi. Sinizakunamiza kuti nikutonthoze. Ukanaileta ikalibe kumenyewa, mwina vonse vikanatuluka. Ichonso sinizakubisa. Koma pa ivo vibili vamene vinatsala, unasankha monga mwana wa Shadreck."

Bright anaika chikatoni pansi. "Yande, nikhululukile. Nine ninamenya."

"Naine ninadina," anatero Yande.

Ba Gordon anakopera vidiyo pa mafulashi awiri. Imodzi anapatsa amake Davies, ina Yande. Anatinso kope ina itsala pa makina awo. Disiki yakufayo anaikulunga m'pepala n'kumuuza Yande kuti akaisunge pouma, asaiyatsenso.

Atafika kunyumba, Elisha anamuthamangira. "Mwabapeza?"

Yande anagwada kuti alingane naye. "Napeza chisote chabe."

6. Mawu a kumbuyo kwa kamera

Lamlungu masana, atabwera kutchalitchi, anasonkhana m'chipinda chochezera cha amake Davies. Panali Yande, amayi ake, Elisha ndi Bright. Magetsi anali atabwera. Bright analowetsa fulashi kumbuyo kwa wailesi yakanema, ndipo ulendo uno anagwira ngati wagwira dzira.

Ng'oma zinamveka chithunzi chisanaoneke. Kenako panatulukira mzere wa amayi ovala zitenje zofanana, miphika yokulungidwa m'nsalu ili pamitu, akuvina pang'onopang'ono kulowa pachipata chomwechi. Mtengo wa mapeyala wa pabwalo unali udakali waufupi. Kamera inatembenuka, ndipo apo panali Davies, atakhala pampando, malaya oyera, manja ali pamaondo, nkhope ili gwa chifukwa cha manyazi.

Amake Davies anatambasula dzanja ngati akufuna kumukonza kolala.

Ndiye kunamveka mawu, pafupi kwambiri, okulirapo kuposa ng'oma.

"Davies, sekako iwe! Suli ku polisi kuno, vakudya ni vako ivi!"

Davies wa pasikirini anaphulika kuseka. Mwini mawu uja nayenso anaseka, kuseka kwake kuja kokhala ndi kantchintchi, kamawu kotsamwa, kumapeto, mpaka kamera inagwedezeka.

Amayi a Yande anagwira pachifuwa. Yande anauma pampando. M'maganizo ake onse a chithunzi, anali ataiwala kuti munthu wogwira kamera saoneka koma amamveka.

Elisha anaseka nawo, poti kuseka kumapatsirana. Kuseka kwake kunathera ndi kantchintchi komweko. Onse anatembenuka kumuyang'ana.

"Ni bandani bakamba?" anafunsa mwanayo.

"Ni atate ako," anayankha amayi ake.

Elisha anatsika pampando. Anapita pafupi ndi wailesi yakanema n'kugunditsa khutu pamene pamatulukira mawu. Ba Shadreck ankalankhulabe. Ankauza amayi a miphika kuti asathamange, ankaseka nkhuku yowotcha kuti yaonda, ankaitana mwana wina kuti achoke kutsogolo. "Yande! Mayi, choka apo, uzaoneka pa ukwati wako!" Kamtsikana ka miyendo yaitali kanadutsa pasikirini kakuthamanga.

"Bwezani futi," anatero Elisha.

Bright anabweza. Anabwezanso. Mwanayo anamvetsera maso ali otseka, kenako anagwedeza mutu ngati munthu amene watsimikiza nkhani.

"Aba ni atate. Bamveka bali na ndevu."

Anaseka onse, akulira. Yande anamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi, ndipo sanayese kuzilekanitsa. Nkhope inali itatayika, koma Elisha anakhala pansi pomwepo mpaka vidiyo inayandikira kumapeto, khutu lili pa wailesi.

Chakumapeto kwake kamera inayenda pang'onopang'ono pa anthu amene anaima m'mbali mwa mpanda. Yande anadzuka mwadzidzidzi.

"Bright, imika! Bweza pang'ono. Apo!"

Pakati pa anthuwo panali mnyamata wamtali wovala jekete yabuluu. Anali atakweza foni ndi manja awiri. Sanaloze kwa Davies, sanaloze kwa amayi a miphika. Analoza molunjika kwa munthu wogwira kamera, akumwetulira ngati wakuba amene wapeza mpata.

"Uyu ajambula atate!" anakuwa Yande. "Ni ndani uyu?"

Amayi ake anayang'ana amake Davies, kenako anayang'ana pansi. Nkhope ya amake Davies inali itasintha.

"Ni Chimuka," anatero potsiriza. "Mnzake wa Davies. Benze bonse mu bwato tsiku lija. Yeve anasambila, anafika kumtunda. Pa malilo anabwela, ine ninamupitikitsa pa geti apo, pamaso pa banthu. Kuchokela apo sanapondepo mu tauni, naine dzina lake nikalibe kulitchula mpaka lelo."

"Ali kuti manje?"

"Ku Chanyanya. Ba njinga bamakamba kuti akaliko."

Yande anafuna kufunsa zambiri, koma amayi ake anamugwira dzanja kuti akhale chete. Amake Davies anayang'ana nthawi yaitali mnyamata wa jekete yabuluu, woima duu pasikirini ndi foni yake m'mwamba. Kenako anayang'ana Elisha. Anadzuka, analowa kuchipinda, ndipo anamveka akukoka chinthu pansi pa bedi. Anatuluka ndi dengu lawo lakale lopikulira nsomba, lodzaza ndi ndandaule za akangaude, n'kuyamba kulikuntha pakhomo.

"Yande," anatero osatembenuka, "pa Chiwelu ulibe sukulu. Uvale nsapato zolimba. Ku Chanyanya kuli matope."